Njinga yamoto yogwirapo kale ntchito: changu chikudya ndalama za fodya ku Kaluluma

Msika wa fodya ukangotsekulidwa cha mu Epulo, m'dera la Mfumu Yaikulu Kaluluma kumpoto kwa boma la Kasungu mumayambanso msika wina wopanda woulengeza. Mabelo akayamba kulowa ku okushoni ya Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndalama n'kuyamba kugwa m'mabuku a kubanki, pa Nkhamenya, pa Chatoloma ndi m'misika ina ya mumsewu wa M1 pamaoneka njinga zamoto zotsukidwa bwino, matayala opakidwa polishi, mipando yokutidwa pepala latsopano. Eni ake amadziwa kuti mlimi amene wakhala miyezi yambiri ali pakati pa nazale, munda ndi chigafa tsopano ali ndi kanthu m'thumba, ndipo mtima wake uli pa njinga yamoto.

Palibe cholakwa pa khumbo limenelo. Ku Kaluluma njinga yamoto si yodzionetsera. Midzi yambiri ili kutali ndi phula, ndipo minibasi zimangodutsa mumsewu waukulu. Mayi akayamba kumva m'mimba usiku, njinga yamoto ndiyo imamufikitsa pachipatala cha Kaluluma kapena cha mishoni ku Nkhamenya. Ndiyo imanyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50, imapita kuchigayo, imatenga mwana wasukulu ndi sutikesi yake, ndipo masiku amene kumunda kulibe ntchito imasanduka kabaza n'kumabweretsa ya mchere ndi sopo.

Vuto ndi mtengo. Njinga zamoto zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yatsopano ya m'sitolo inathawa m'manja mwa alimi ang'onoang'ono ambiri. Chotsala ndi yogwirapo kale ntchito. Ndipo apa ndi pamene ndalama za chaka chathunthu zimatha kulowa m'madzi tsiku limodzi, osati chifukwa njinga zakale zonse n'zoipa ayi, koma chifukwa ogula ambiri amagula mothamanga, masana, pamsika, anthu atazungulira, dobadoba akunena kuti pali wina amene akubwera ndi ndalama madzulo ano.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo sagula ng'ombe yapangolo motero. Amapita kukhola m'mamawa, amayang'ana mano, amaiyendetsa, amafunsa kwa anansi ngati imakankha kapena imagona pagoli, ndipo amafuna kalata ya amfumu. Njinga yamoto imafuna ulemu womwewo.

Nthawi yoonera njinga ndi m'mawa, kunyumba kwa mwini wake, injini isanalizidwe. Wogula ayambe wakhudza injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti wina waitenthetsa kale, ndipo injini yotentha imabisa zambiri: imalira msanga, utsi umachepa, phokoso la zitsulo zomasuka limazirala. Injini yabwino ikagona usiku wonse imalira pa kiki yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu, kenako imakhazikika yokha popanda kuigwirira mafuta. Phazi nalo limauza munthu zoona. Kiki ikamatsika mopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, ndiye kuti pisitoni ndi maring'i zatha, mphamvu ikuthawa.

Kenako utsi. Wobiriwira motuwa, wonunkha oyilo wopsa, umatanthauza kuti injini ikudya oyilo, ndipo posachedwa ifunika kutsekulidwa. Wakuda umaloza ku kabureta kapena sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, ndipo umenewo nthawi zambiri ndi matenda otsika mtengo. Kautsi koyera kamene kamatuluka m'mawa wa Juni kukuzizira n'kutha pakangopita mphindi zochepa ndi nthunzi chabe. Pulagi imatsimikizira zimene utsi wanena: yofiirira ndi youma ndi ya injini yathanzi, yakuda ndi yonyowa oyilo ndi ya injini yotopa. Pulagi yatsopano mbee pa njinga yakale iyenera kufunsidwa chifukwa chake.

Oyilo ndiye mtima wa nkhani. Tiinjini ta 100, 125 ndi 150 cc timanyamula oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amasambitsa pisitoni, magiya ndi kalachi. Pafumbi la Kasungu la Ogasiti mpaka Novembala, amada msanga. Mwini njinga amene amasintha oyilo pa nthawi yake amatha kuyenda ndi injini imodzi zaka zambiri. Amene amangothiramo woonjezera akaona kuti wachepa amaipha pang'onopang'ono. Wogula asolole kamtengo koyezera oyilo, apake pa chala, ayang'ane padzuwa. Tizitsulo tonyezimira ndi chizindikiro chakuti m'kati mukudyana. Oyilo wolemera kwambiri, wonanda, ndi njira yakale yozimitsira phokoso la injini yakutha, ndipo amagwira ntchito kwa masiku ochepa okha, okwanira kuti ndalama zisinthe manja. Ayang'anenso bawuti yotsitsira oyilo pansi pa injini. Ikakhala yokulungidwa ndi pepala la pulasitiki kapena yomatidwa, mazinga ake anatha. Mitu ya mabawuti a injini ikakhala yophwanyika ndi sipana, ndiye kuti injiniyo yatsekulidwapo kangapo, ngakhale mwini wake alumbire kuti sinakhudzidwepo.

Komabe injini si chinthu choopsa kwambiri pa njinga yakale. Injini imakonzeka. Pisitoni, maring'i ndi mavavu zimagulidwa, makaniko amatha kuziika tsiku limodzi. Chimene sichikonzeka bwino ndi felemu, ndipo ku dera la fodya felemu ndiyo imazunzika kuposa china chilichonse.

Njinga zazing'onozi zinapangidwira anthu awiri ndi kakatundu kochepa. Ku Kaluluma zimanyamula matumba awiri kapena atatu a feteleza, belo la fodya limene limatha kufika makilogalamu 100, matumba a soya ndi mtedza, nthawi zina anthu atatu ndi mbuzi. Zimatero mumsewu wamchenga ndi mabampu, ndiponso m'matope a Januwale. Chitsulo chimatopa. Chimayamba kung'aluka pakhosi pamene mahandulo amalumikizana ndi felemu, pamene mashoko a kumbuyo amamangidwa, ndi pansi pa mpando pamene pamakhala kaliyala. Wowotcherera pamsika amamata mng'alu, amapaka penti yakuda, ndipo munthu wosadziwa saona kanthu. Choncho mpando uchotsedwe, zophimba za m'mbali zimasulidwe, wogula agwade ndi kuyang'ana pansi pa thanki. Penti yatsopano pamalo amodzi okha, kapena chipsera chokhakhala cha kuwotcherera pakhosi pa felemu, ndi chifukwa chokwanira chotsanzikira. Felemu yowotchereredwa pakhosi ikathyoka imathyoka njinga ili pa liwiro, ndipo amene ali pamenepo sakhala ndi mpata wochita kanthu. Mtengo wotsika chotani sungalipire ngozi yotero.

Kaliyala wokulitsidwa ndi zitsulo za mawindo, mashoko anayi m'malo mwa awiri, masipoko okhuthala oikidwa pambuyo pake, zonsezi zimanena ntchito imene njingayo inkagwira. Mwini wake amazitchula ngati ubwino, ndipo n'zoona kuti zimathandiza kunyamula, koma zikusonyezanso kuti felemu ndi kalachi zasenza zolemera kwa nthawi yaitali.

Pali njira yosavuta yodziwira njinga imene inagundapo. Munthu aime kumbuyo, mnzake aiyendetse molunjika pamchenga. Tayala la kumbuyo liyenera kuponda mumzere wa lakutsogolo. Zikasiya mizere iwiri, kapena njinga ikamakokera mbali imodzi manja akapepuka pamahandulo, china chake chinapindika. Agwirenso buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Kugogoda pakhosi ndi mabeling'i akutha. Oyilo wodontha pa mafoloko a kutsogolo, ndi tayala la kumbuyo logwedera likakankhidwa cham'mbali, ndi ndalama zimene ziyenera kuchotsedwa pamtengo.

Tcheni ndi masipoketi zimawerengeka mosavuta: mano opindika ndi osongoka ngati minga, ndi tcheni chokokedwa mpaka kumapeto kwa zomangira zake, zikutanthauza kuti zonse zitatu zigulidwe pamodzi. Pamatayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lakale limauma n'kung'ambika ngakhale mapanga ake akuoneka. M'thanki muunikidwe ndi tochi ya foni. Petulo wogula m'zigubu ndi m'mabotolo, amene anthu akumidzi amadalira makamaka pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, nthawi zina amabwera ndi madzi ndi zinyalala, ndipo dzimbiri la m'thanki limatseka kabureta mobwerezabwereza.

Nambala ya pa sipidomita isakhulupiriridwe konse. Pa njinga zambiri za kumudzi waya wake unaduka kalekale, ndipo wotchi yonse imatha kusinthidwa. Mtunda weniweni umaoneka pa mphira wa popondera wosalala, pa chopondera buleki chodyeka, pa kiyi wogwedera m'bowo lake, ndi pa nati ya buleki imene yamangidwa mpaka mazinga kutha.

Ndiyeno wogula ayende nayo njingayo, osati kuzungulira pabwalo koma mtunda woti injini itenthe, pokwera ndi potsika, atakweza munthu kumbuyo. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka pachitunda, kalachi ikuterereka. Giya yachiwiri ikamadzichotsa yokha, vuto lili m'kati mwa bokosi la magiya, ndipo kukonza kwake kumafuna kung'amba injini yonse. Wogulitsa wokana kuti njinga iyesedwe, kapena kuti makaniko aione, wayankha kale funso.

Pa nkhani ya makaniko pali kulakwitsa kumene kumachitika kawirikawiri. Wogula amavomera makaniko amene wabwera ndi wogulitsa, kapena amene dobadoba wamuloza. Munthu ameneyo ali ndi gawo lake pamalondawo. Makaniko ayenera kukhala wa wogula, wolipidwa ndi wogula, kaya njinga igulidwa kaya ayi, ndipo ndi bwino akhale amene azidzaikonza m'tsogolo, chifukwa sangavomereze chinthu chimene chidzam'chititse manyazi. Ndalama yomulipira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa injini. Alimi ena amaiona ngati yotayika. Imeneyo ndiyo ndalama yogwira ntchito kuposa zonse pa tsikulo.

Anthu amakangana kwambiri za mitundu. Ena amalumbirira Boxer ya kampani ya Bajaj ya ku India, ena TVS yochokeranso ku India, ena Lifan, Lifo, King Lion ndi SanLG zimene zadzaza m'misewu ya Malawi. Injini zambiri za njinga zotsika mtengo za ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 itapangidwira dala mayiko amene njinga zimasenza zolemera ndipo sizisamalidwa kawirikawiri. N'chifukwa chake zimapirira, ndipo amakaniko akumudzi amazidziwa bwino. Koma dzina la pa thanki silinena zambiri pa njinga yakale. Boxer imene yakhala zaka ziwiri pa kabaza, ikusinthana madalaivala olipira mwini wake pa tsiku, ingakhale yotopa kuposa njinga ya dzina lonyozeka imene mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi ankangopitira kuntchito. Dalaivala wa ganyu amathamangira kukwanitsa ndalama ya abwana, ndipo oyilo amakhala womalizira kuganiziridwa. Funso lothandiza si lakuti ndi mtundu wanji, koma lakuti inkagwira ntchito yanji, ndi ndani, ndipo zitsulo zake zikupezeka pa Nkhamenya kapena mpaka ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Njinga yamphamvu imene inagulidwa ku bungwe, koma chitsulo chake chimayitanitsidwa kutali, imatha kukhala pakhonde mwezi wathunthu pa nthawi imene ikufunika kwambiri.

Mbiri ya njinga imapezeka mosavuta ikakhala ya m'dera lomwelo. Anyamata a pa siteji ya kabaza amadziwa njinga iliyonse: inagwa liti, inatsekulidwa kangati, mwini wake akuigulitsiranji. Yochokera kutali, yobwera ndi munthu wosadziwika, ilibe woichitira umboni.

Apa ndi pamene pakubwera nkhani yaikulu kuposa zonse, imene ambiri amaisiya kumapeto pomwe iyenera kukhala yoyamba: mapepala. Kaluluma sali kutali ndi Jenda ndi malire a Zambia, ndipo njinga zamoto zambiri m'dziko muno zinalowa kudzera m'njira zachidule kuchokera ku Zambia, Mozambique ndi Tanzania popanda kulipira msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Zina ndi zobedwa. Kuba njinga zamoto kwapweteka mabanja ambiri m'Malawi, ndipo a kabaza ena avulazidwa, ena kuphedwa, ndi anthu onamizira kukhala makasitomala. Njinga zimenezo zimathera pamsika, zili ndi mtengo wokoma. Wogula njinga yotsika mtengo modabwitsa, yopanda pepala, adziwe kuti mwina akulipira anthu amene anasiya mnzake ali chigonere m'tchire. Lamulo nalonso silimusiya: kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu, njinga imalandidwa, ndipo wogulitsa amakhala atazimitsa foni kalekale.

Njinga iliyonse ili ndi manambala awiri odindidwa pachitsulo, ina pa felemu, kawirikawiri pakhosi, ina pa injini. Zonse zifanane ndi zolembedwa pa bulubuku kapena pa mapepala a kasitomu, chilembo ndi chilembo. Malo a nambala akakhala opalidwa, openta mwatsopano, kapena zilembo zake zikakhala zosalingana kukula, malonda athere pomwepo. Dzina la pa pepala lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Mawu akuti mapepala ali kwa achimwene ku Mzuzu, tibweretsa sabata yamawa, asatulutse ndalama m'thumba la munthu. Ngati alipodi, sabata yamawa si kutali, ndipo njingayo idikire.

Kalata ya mgwirizano yolembedwa pamaso pa amfumu ndi mboni, yokhala ndi manambala onse awiri, mtengo, tsiku ndi manambala a ziphaso, ndi yofunika ndithu, ndipo imathandiza pakabuka mkangano. Koma siilowa m'malo mwa kusintha umwini ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, kumene kuyambira 2015 zonse zimalembedwa mu kompyuta za MaLTIS. Kupita kupolisi kuti akaone ngati manambalawo sali pa mndandanda wa zobedwa kuyenera kuchitika ndalama zisanaperekedwe. Ndipo mtengo weniweni wa njinga ukuphatikizapo inshulansi imene lamulo limafuna, laisensi ya woyendetsa, ndi zipewa ziwiri zodzitetezera. Amene wathera ndalama zonse pa njinga yokha wagula chinthu chimene aziyenda nacho mozemba apolisi, m'tinjira ta kumunda.

Ena anganene kuti zonsezi ndi zonena anthu a m'tauni, chifukwa kumudzi njinga zambiri zilibe nambala ndipo zikuyenda. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo mlandu suli pa alimi okha. Maofesi akuluakulu a DRTSS ali ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Munthu wa ku Kaluluma kuti akalembetse njinga kapena kusintha umwini amafunika thiransipoti, chakudya, mwinanso malo ogona, ndipo wogulitsa ayenera kupita naye. Ndalama ndi nthawi zimenezo zimagwetsa ulesi anthu oona mtima. Koma zotsatira zake zimagwera osauka omwewo. Njinga yosalembetsedwa ikabedwa, mwini wake alibe umboni wokaonetsa kupolisi. Ikagunda munthu, palibe inshulansi yolipira, ndipo mabanja awiri amatsala akukokana kwa amfumu. Msika umene pepala silifunsidwa ndiwo umapatsa akuba kogulitsira.

Si wogulitsa aliyense amene ali wachinyengo, ndipo nyengo ya chaka imanena zambiri pa chifukwa chogulitsira. Mu Juni ndi Julayi, ndalama za fodya zili m'manja, ogula amachuluka ndipo mitengo imakwera. Ndi nthawi imene njinga zotopa zimatsukidwa n'kutulutsidwa. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale zinthu zimatembenuka. Feteleza wobereketsa akufunika, chimanga chatha m'nkhokwe, fizi ya teremu yachiwiri yafika, ndipo mlimi amene anagula njinga yabwino miyezi yapitayo amaigulitsa chifukwa cha mavuto, osati chifukwa yawonongeka. Amene angathe kusunga ndalama zake kubanki mpaka nyengo imeneyo amapeza njinga yodziwika mbiri yake, kwa munthu wodziwika kwawo, pa mtengo wabwinopo. Kupatsa mnansi wovutika mtengo woyenera pa nthawi yotero n'kwabwino kwa onse awiri kuposa kupereka ndalama zambiri kwa mlendo wa pamsika mu Juni. Kudikirako n'kovuta, chifukwa ndalama za fodya zimakhala ndi eni ake ambiri, koma makalabu a alimi ndi mabanki a m'mudzi angathandize munthu kuti asazimwaze.

Amayi a m'nyumba nawonso ali ndi mawu pa nkhaniyi. Anasoka nawo fodya, anatunga madzi a kunazale, ndipo njinga ikafa patatha miyezi iwiri ndi iwo amene amayamba kuona kuchepa kwa ufa. Malonda a ndalama zochuluka chotero sayenera kutheka pa bala kapena pamsika bambo ali yekha. Njinga ikaonedwa m'mawa, banja likagona n'kukambirana, ndalama n'kuperekedwa tsiku lina, mabodza ambiri amagwa okha m'njira.

Makalabu a fodya ndi alangizi a ku Kaluluma amakumana ndi alimi chaka chonse pa za nazale, mankhwala ndi ngongole. Msika usanatsekulidwe, apatule tsiku limodzi, aitane makaniko wodalirika ndi wapolisi wa zapamsewu, aonetse anthu pa njinga yeniyeni pamene pamakhala nambala ya felemu, pamene chitsulo chimang'aluka, ndi mmene bulubuku weniweni amaonekera. Nawo a DRTSS, a MRA ndi apolisi abwere pamodzi pa Nkhamenya m'miyezi ya msika wa fodya, kuti munthu athe kufufuza manambala, kulipira zoyenera ndi kusintha umwini tsiku limodzi pafupi ndi kwawo. Kufikira zimenezo zitachitika, mlimi amene wapatsidwa njinga yofunda injini, yowotchereredwa pakhosi kapena yopanda pepala, abweze kiyi kwa mwini wake ndipo ndalama zake zibwerere kubanki.